Thole Lofiira la kwa Bardelli

"Chotsa chinthu chakocho pakhomo panga! Chitenge uzipita nacho, ndipo potuluka utseke geti, ngati lero wadziwa katsekedwe kake!"

Anali mayi Argia amenewo, apongozi ake a Loriana, ataima pakati pa bwalo manja ali m'chiuno, mawu akukafika mpaka kutchalitchi. Chinthu chimene ankanenacho chinali thole, mwana wa ng'ombe wa miyezi isanu ndi umodzi. Mlandu wake unali umodzi wokha: linali lofiira.

Inu amene mukuti moyo wakupanani, khalani pansi mumve za mkazi amene anathamangitsidwa paukwati chifukwa cha ubweya wa ng'ombe.

Kwa a Bardelli, kumene Loriana anakwatiwa, amaweta ng'ombe zathu zoyera za m'chigwa cha Chiana, zija zazitali zoti munthu wamfupi amayang'ana chagada. Thupi lonse mbee, koma mphuno, lilime ndi nsonga ya mchira bii. Zaka makumi asanu ndi limodzi osasakaniza ndi mtundu wina. Ng'ombe iliyonse inalembedwa m'buku la mtundu, amake, abambo ake, agogo ake. Bambo Settimio, mwini khola, tsiku lobadwa la mwana wawo salidziwa, koma afunseni za agogo ake a ng'ombe, mugona pomwepo.

Tsono thole la mtundu umenewu limabadwa lofiirira ngati tirigu wouma, ndipo pofika miyezi inayi limayera. Zimenezi ngakhale wansembe amazidziwa. Koma ili miyezi inayi inakwana, lofiira. Isanu, lofiira. Isanu ndi umodzi, kuchita kunyezimira psuu ngati mphika wa mkuwa. Chowawa kwambiri, amake anali ng'ombe yopambana m'khola monse, ya maliboni asanu ndi awiri opata pachionetsero.

Kuseri kwa mpanda kunali a Pilade, amene amaweta ng'ombe zofiira za ku France. Mayi Argia anawerenga miyezi pazala, n'kukumbukira kuti sabata imene ng'ombeyo inatenga bere, wotengera ng'ombe kubusa anali mtengwa wawo, Loriana.

"Unasiya geti lotsegula iwe. Chinkhunzi cha Pilade chinalowa."

"Amayi, geti ndinatseka."

"Ndiye thole lafiira ndi chiyani? Likumwa vinyo?"

Loriana anali mwana wamasiye, wokulira kwa masisitere. Asanakwatiwe ankatsuka mbale mu lesitilanti mumzinda wa Arezzo, ndipo ng'ombe anayamba kuiona ili kale m'mbale. Apongozi zimenezi sanaziiwale ngakhale tsiku limodzi. Zaka zisanu akusita malaya oyera a amuna opita kuchionetsero, akukolopa, akupala ndowe m'khola, dzina lake linali lomwelo: "wotsuka mbale uja."

Tsiku limenelo analimba mtima n'kuuza apongozi aamuna kuti, "Bambo, masiku ano amayeza. Tizule ubweya wa kumchira titumize, atiuza bambo wake wa thole."

A Settimio anachita kuvula chipewa ndi mantha.

"Kuyeza? Nanga zikatuluka zoipa? Azilemba m'buku! Zolembedwa sizifufutika, mayi. Mawa lomweli lipite kwa wabutchala, mwakachetechete, wa kutali kumene sakutidziwa."

Mwamva nzeru za oweta zimenezo? Bola kupha ng'ombe yabwino kusiyana n'kuti pepala linene zoona. Mwana wawo wamkulu, Osvaldo, anagwedeza mutu kuvomereza, poti ameneyo amavomereza chilichonse chimene sichimuchotsera mbale pakamwa.

M'mawa mwake lole ya wabutchala itafika, Loriana anakaima kumbuyo kwake, chingwe cha thole atachikulunga padzanja. Anamukoka, anakana. Anamutukwana, chingwe sanasiye. M'pamene mayi Argia anakuwa mawu aja. A Settimio anathamangira m'nyumba, kubwera ndi pepala, kusaina msangamsanga kuti thole ndi la Loriana, bola dzina lawo lichokepo. Sanasainepo kanthu mwachangu chotero chibadwire.

Mukufunsa kuti mwamuna wake anali kuti? Analipo. Duilio ndi munthu wabwino ngati buledi wathu, wopanda mchere. Anaima pafupi ndi thirakitala akuyang'ana nsapato zake ngati wazigula tsiku lomwelo.

Loriana anatuluka, dzanja lina sutikesi, lina chingwe. Geti anatseka. Analigwedeza kawiri kuti onse aone.

Kolowera analibe. Anakhala pamphepete pa msewu, thole likumunyambita khutu. Anamupeza pamenepo a Pilade akuchokera kumunda.

"Ndamva kuti ndili ndi mdzukulu," anatero akuliyang'ana thole mano ndi mapazi. "Sakufanana nafe ayi, koma poti anthu atero, sindingamusiye panja. Kumtunda kuja ndili ndi balani yakale ya fodya. Kakhaleni."

Balani imeneyo! Makoma akuda ndi mwaye, denga lodontha, fungo la utsi wa zaka makumi atatu. Loriana anaigawa pakati ndi matabwa, uku iye, uku thole. Pasanathe sabata mudzi wonse unali utagamula kuti ngati Pilade wamusunga, ndiye kuti si ng'ombe yokha imene inalumpha mpanda. Akazi a Pilade anasiya kupereka moni.

Chaka chimenecho matole onse mayina awo ankayamba ndi R, monga mwa lamulo la buku. Mayi Argia monyoza ankalitcha Ruggine, ndiye kuti Dzimbiri. Loriana sanasinthe. Anati akanyoza dzina, ulivale ngati chipewa.

M'mawa ankagwira ntchito kwa opanga tchizi, manja m'madzi a mchere mpaka kung'ambika. Masana chikwakwa paphewa, kumweta udzu m'ngalande za m'mbali mwa msewu. Kwa wophika buledi ankatola wotsala wouma gwa, kwa alimi a azitona masamba odulira. Iye ankadya nyemba, Dzimbiri ankadya ngati bishopu.

Chakumadzulo ankamuyendetsa. Kwa a Bardelli mkazi sagwira chingwe cha nkhunzi, koma zaka zisanu zija Loriana ankasita ali pawindo, akuona amuna akuphunzitsa ng'ombe kayendedwe ka pachionetsero. Mutu m'mwamba. Miyendo inayi iime molingana. Kamtengo kakhudze phazi, phazi lisunthe. Anaba zonsezo ndi maso, malaya akupsa.

Msewu wake unkadutsa pabala ya pakati pamudzi, pamene madala amakhala tsiku lonse ndi kakapu kamodzi ka khofi.

"Loriana, galu wakoyo amaluma?"

"Amaluma opusa okha, bambo. Sunthirani m'kati."

"Ukupita naye kuti, kukamuonetsa kwa bambo ake?"

"Bambo ake akudziwika. Za anu ndiye sitinamvebe."

Pakamwa analimba, koma miyezi inkapita. Miyezi isanu ndi itatu, Dzimbiri wofiira. Isanu ndi inayi, wofiira. Chisanu chinayamba, mphepo ikulowa m'ming'alu ya balani ngati kwawo. Ndiye kunabwera chinthu choopsa kuposa apongozi: iye mwini anayamba kukayika. Kodi ndinatsekadi? Kodi kachitsulo kaja ndinakalowetsa, kapena ndinangokankha? Tsiku lina anasiya chikwakwa m'ngalande, kukhala pansi, kulira ngati mwana. Munthu akakunamizira nthawi yaitali, umayamba kumuthandiza.

Anamupeza choncho Duilio. Mwamunayo ankabwera masana aliwonse, kwawo atanama kuti akukayendera mpanda, kampoto ka nyemba atakabisa mujekete. Mpanda umenewo unayenderedwa kuposa manda a woyera mtima.

"Ndakubweretsera nyemba."

"Nyemba ndili nazo, Duilio. Ndikufuna ubweya."

"Ubweya wa chiyani?"

"Wa kumchira kwa nkhunzi ya bambo anu. Wozula ndi mizu yomwe. Zikatuluka kuti ndinalakwa, ndikagwada ndekha pamaso pa amayi anu. Koma ndidziwe."

Nkhunzi imeneyo inkalemera kuposa galimoto ya dokotala, ndipo inkadana ndi aliyense woima kumbuyo kwake.

"Sungafune wa pamutu?"

"Wa kumchira."

Mulungu amapatsa mwamuna aliyense tsiku limodzi. La Duilio linali Lachinayi, onse ali patebulo kudya. Analowa m'khola, kuchita chizindikiro cha mtanda, kugwira mchira, kuzula. Nkhunzi inamuyankha kamodzi kokha. Anatuluka pakhomo la khola chafutambuyo, miyendo m'mwamba, n'kukatera pamulu wa ndowe. Koma chibakera sanatambasule. Anafika kubalani akutsimphina, akununkha, akumwetulira ngati wabwera ndi maluwa. Kwawo anakanena kuti wagwa pamakwerero.

"Makwerero ake ali ndi chiboda?" anafunsa mayi Argia poona chidindo pantchafu.

Kalata ya oyeza inabwera patatha masabata asanu. Loriana anaitsegula ataima, anaiwerenga atakhala pansi. Bambo wa Dzimbiri ndi nkhunzi ya a Bardelli. Magazi a Pilade mulibe ngakhale dontho. Anapita nayo yekha ku ofesi ya buku la mtundu, ndipo Dzimbiri analembedwa, mwini wake Loriana.

Ndiye ngati ankadikira pepala, Dzimbiri uja anayamba kuyera. Kunayamba kumaso, kenako m'khosi, kenako msana. Ubweya wofiira unkatsalira pabulashi m'manjamanja. Pofika miyezi khumi ndi itatu anali mbee, wamtali, msana wowongoka ngati tebulo la paguwa, matako odzadza. Madala a pabala anasiya za galu, anayamba kutsokomola.

Mukuganiza kuti apongozi anagonja? Simukuwadziwa mayi Argia. Kalata anakana kuiwerenga, ati magalasi anathyoka. Za kuyerako anali ndi yankho kale.

"Laimu ameneyo. Akumupaka laimu m'mawa uliwonse ngati khoma la chimbudzi. Wotsuka mbale sangalephere zimenezo."

M'mwezi wa Malichi kunafika chionetsero cha m'chigwa chathu. Mabanja onse oweta analipo, malaya oyera, timitengo m'manja, akupsompsonana m'masaya uku maso ali pamchira wa ng'ombe ya mnzawo. Kumeneko munthu amakuuza kuti "yakula bwinotu" akutanthauza kuti miyendo yapindika. Fungo la nkhumba yowotcha, sopo ndi ndowe zonse pamodzi.

Loriana analowa m'bwalo la nkhunzi zazing'ono atavala malaya oyera a Duilio, amene anasita yekha, ulendo uno kusitira thupi lake. Mkazi analipo yekha. Kutsogolo kwake kunali alamu ake Osvaldo ndi nkhunzi ya a Bardelli.

"Alamu, mwasochera. Kukhitchini ndi uko."

"Yang'anani kutsogolo, alamu, yanuyo ikudya chipewa cha munthu."

Chinkuzamawu chinalengeza kuti, "Nambala seveni, Dzimbiri!" Anthu anaseka, kenaka anaona chimene chikulowa, kuseka kunathera pakhosi. Dzimbiri anayenda ngati bwalo analigula. Ng'ombe yozolowera kutukwanidwa pabala tsiku ndi tsiku singaope khamu la anthu.

Woweruza anali a Vasco, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, yogontha khutu limodzi, yosagulika ndi botolo. Anamukanula Dzimbiri kukamwa, lilime bii. Anakweza mchira, nsonga bii. Anayendetsa chikhatho pamsana kuchokera paphewa mpaka kumchira, kubwerera, kuyendetsanso. Anazungulira ng'ombe zinazo mwaulemu chabe. Kenako anabwera n'kumenya Dzimbiri kambama pathako. Kwathu kuno kambama kameneko ndiye chigamulo.

"Laimu!"

Mayi Argia, azaka makumi asanu ndi awiri, amene kutchalitchi amati mawondo sawalola kugwada, analumpha mpanda wa bwalo ngati mbuzi. Analanda ndowa ndi bulashi kwa munthu wina.

"Ndikuonetsani ine! Nonsenu mwapusitsidwa!"

A Vasco anakweza dzanja kuletsa amene ankafuna kuwagwira. "Asiyeni. Sindinaonepo a Bardelli akusambitsa ng'ombe ya munthu wina mwaulere."

Anakhula mayi aja. Anakhula paphewa, anakhula m'nthiti, anakhula ndi ukali wa miyezi isanu ndi itatu. Thovu mpaka m'tsitsi, diresi ya Lamulungu yonyowa chonyowa. Dzimbiri anatsinzina, kupinda khosi, kuwasunthira kuti akande ndi apa pomwe. Madzi ankatsika oyera ngati a pampopi. Pamene akhulapo m'pamene pankawala kwambiri. Wina anakuwa kuchokera kumbuyo kuti, "Mukamaliza, mayi, yanga ili pakhola lachitatu!"

Bulashi itagwa pansi, a Vasco anaitana a Settimio ndi chala.

"Settimio, bwera kuno. Iwe ndi ine tikudziwa. Nkhunzi ija inayambitsa khola lanu, imene mumaitchula ngati woyera mtima, inayera ili ndi miyezi ingati?"

A Settimio anayang'ana kumwamba.

"Khumi ndi iwiri," anapitiriza a Vasco, mokweza monga amalankhulira ogontha. "Malemu bambo ako anaibisa chaka chathunthu kuseri kwa nkhokwe chifukwa cha manyazi. Wokaipatsa madzi unali iweyo, kabudula ali m'mawondo. Magazi anuwa amachedwa kuyera. Ndipo akachedwa choncho, ndiye kuti yabadwa yeniyeni."

Mayi Argia anatembenukira a Settimio pang'onopang'ono, thovu likudontha pachibwano.

"Munkadziwa?"

"Ndinakumbukira mochedwa, lole itapita kale. Ndimati ndinene."

"Ndiye?"

"Unali ukulankhula."

"Miyezi isanu ndi itatu?"

"Sunapumepo, Argia."

Koma mayi ameneyu ndi mphaka, amagwera pamiyendo. Anapukuta kumaso ndi epuloni ya munthu wina, kutambasula manja, kupita kwa Loriana mano onse panja.

"Mwana wanga! Sindinanene ine kuti thole limeneli lili ndi tsogolo? Magazi athu awa! Tiye kunyumba, ng'ombe ibwerere m'khola la makolo ake, liboni tikapachike pabalaza."

Liboni linali m'manja mwa Loriana, anthu akuwomba m'manja, koma si zimene anadyera nyemba miyezi yonseyi.

"Amayi, tisanafike kunyumba. Geti ndinatseka kapena sindinatseke?"

"Aa, zakale zimenezo, mwana wanga, tizisiye."

"Munanena pabwalo, tchalitchi chonse chinamva. Neneraninso pabwalo."

Mayi Argia anatafuna milomo. Anayang'ana Osvaldo, Osvaldo akuyang'ana ng'ombe yake. Anayang'ana Duilio, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire Duilio sanayang'ane nsapato.

"Unatseka," anatero chapansipansi.

"Ine khutu ili ndi lakufa," anatero a Vasco, n'kuwayandikizira chinkuzamawu pakamwa.

"UNATSEKA!"

Mawuwo anamveka mpaka koimika malole. Ng'ombe ziwiri zinadula zingwe.

Loriana anagwada pang'ono mwaulemu, poti masisitere anamulera bwino. "Zikomo, amayi. Kunyumba ndiye ayi. Kubalani kwanga sikunadonthepo mawu ngati amenewa, kumangodontha mvula."

Tsiku lomwelo Duilio ananyamula matilesi pathirakitala, masana dzuwa likuswa mtengo, kudutsa nawo pabala kuti madala aone. Lero Loriana ali ndi ng'ombe zoyera makumi awiri ndi zitatu, balani inafoleredwa, ndipo m'buku la mtundu muli tsamba la dzina lake. Ofuna kuti Dzimbiri akwere ng'ombe zawo amalembetsa n'kudikira. Osvaldo analembetsa nawo. Ali pa nambala naini.

Ndiye inu amene akunenani kuti ndinu olakwika mtundu, amene akuuzani kuti munasiya geti lotsegula mpaka mwayamba kukhulupirira, imvani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena timachedwa kuyera, si kuti ndife a kuseri kwa mpanda. Gwirani chingwe chanu, mwetani udzu wanu, akakusekani pabala ayankheni n'kupitirira. Mtima wokhawo musautaye m'ngalande, mudzaufuna tsiku la chionetsero.

Koma musayembekeze kuti mukapambana onse akondwa. Mayi Argia mpaka lero salankhula ndi a Settimio, mchere patebulo amapempha kudzera kwa Osvaldo. A Settimio anenepa, akuti sanakhalepo pamtendere chotere chikwatirire. Osvaldo salankhula ndi Duilio chifukwa cha ubweya uja. Akazi a Pilade anayambanso kupereka moni kwa Loriana, koma asiya kulankhula ndi mayi Argia. Ndipo a Pilade eni ake salankhula ndi a Vasco. Akuti miyezi yonseyi mudzi wonse unkatama nkhunzi yawo kuti ndi yolumpha mipanda, nkhalamba ija yaichotsera ulemu pamaso pa anthu.